Kodi alamu ya rivesi yofuula kwambiri ndiyo yabwino?

FUNSO: Ndili ndi malole awiri onyamula miyala ndi mchenga, komanso galimoto yaing'ono yoperekera katundu m'masitolo ndi m'makomo. Ndikufuna kuika alamu yolira galimoto ikamabwerera m'mbuyo, koma wogulitsa wandionetsa mitundu ingapo: ina imalira kuti "pi-pi-pi", ina imangoti "shh-shh", ndipo pamabokosi palembedwa manambala monga 97 dB ndi 107 dB. Kodi ndingogula yofuula kuposa zonse n'kuika pa galimoto zonse zitatu? Ndine bambo wochita bizinesi ya malole.

YANKHO: Ayi bambo, musatero. Choyamba kuyang'ana si nambala ya pabokosi, koma phokoso la pamalo pamene galimoto iliyonse imagwirira ntchito, chifukwa alamu imangofunika kumveka bwino pamwamba pa phokoso limenelo, osati kugonthetsa aliyense m'khutu.

Zilembo za dB zimasonyeza kukula kwa phokoso, ndipo mawerengedwe ake amasocheretsa anthu ambiri. Kuchoka pa 97 kufika pa 107 kumaoneka ngati kuwonjezera pang'ono, koma m'khutu la munthu phokosolo limamveka ngati lawirikiza kawiri. Muyezo wa SAE J994, umene opanga ma alamu ambiri amatsatira, uli ndi magulu monga a 87, 97, 107 ndi 112 dB, ndipo phokosolo amaliyeza pafupi kwambiri ndi chipangizocho, pa mtunda wongopitirira pang'ono mita imodzi. Pamalo a mtetete, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi pafupifupi 6 dB, kotero alamu ya 107 dB imamveka ngati ya 95 dB kwa munthu woima pa mamita asanu. Malole anu, amene amabwerera m'mbuyo pakati pa makina ophwanya miyala ndi antchito ovala zoteteza makutu, akufunika alamu ya 107 dB kapena kuposerapo. Galimoto yaing'onoyo, 87 kapena 97 dB ndi yokwanira. Mukaiikira ya 112 dB, anthu a m'makomo adzadandaula, ndipo chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti dalaivala amene yamutopetsa amangodula waya mwakachetechete, mwini galimoto n'kumaganiza kuti zonse zili bwino.

Kusiyana kwa "pi-pi-pi" ndi "shh-shh" n'kumene kukufunika kukuganizira mofatsa. Alamu ya "pi-pi-pi" imatulutsa liwu limodzi lokha, nthawi zambiri la pafupifupi 1,000 Hz (Hz ndi muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa liwu). Ubwino wake ndi wakuti aliyense amaidziwa, ngakhale mwana. Vuto lake ndi lakuti liwu lotere likagunda makoma, malata kapena makontena limabwerera, moti munthu amalimva koma osadziwa kumene likuchokera. Pabwalo pamene malole atatu akulira nthawi imodzi, wantchito amatembenukira kumanzere pamene lole ikumudzera kumanja, ndipo pakapita masiku amasiya n'kucheuka komwe chifukwa phokosolo walizolowera. Alamu ya "shh-shh" imaphatikiza mawu ambiri, okwera ndi otsika, ndipo khutu la munthu limazindikira msanga mbali imene phokoso lotere likuchokera. Imamvekanso kwambiri kumbuyo kwa galimoto kumene kuli ngoziko, n'kuzimirira msanga ukatalikira. Ineyo, pa galimoto yolowa m'mipata ya nyumba, m'nyumba zosungiramo katundu kapena yogwira ntchito usiku, ndingasankhe imeneyi mosakayika. Koma muwauze antchito anu tanthauzo lake, pakuti amene sanaimvepo angaganize kuti ndi mpweya wa mabuleki umene ukutuluka.

Ngati lole imodzi imagwira ntchito kumalo aphokoso masana n'kukagona kumalo abata, funsani alamu yodzisintha yokha. Imeneyi imamva phokoso lozungulira n'kukweza kapena kutsitsa mawu ake kuti akhale pamwamba ndi 5 mpaka 10 dB.

Onetsetsaninso za magetsi. Galimoto zing'onozing'ono zimayendera 12V pamene malole akuluakulu ambiri amayendera 24V, ndipo alamu ya 12V yokha imapsa mukailumikiza pa 24V. Zilipo zolandira mphamvu zonse ziwiri. Popeza chipangizochi chimakhala pamalo a fumbi ndi matope, sankhani cholembedwa IP67, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo chimapirira kumizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Ngati mumatsuka malole ndi madzi otentha opopera mwamphamvu, funani IP69K. Makaniko ailumikize ku waya wa nyali za rivesi, aiike kumbuyo kwenikweni itayang'ana m'mbuyo, popanda chitsulo kapena tayala lapadera loitchinga, ndipo kukamwa kwake kuweramire pansi pang'ono kuti madzi asadekhemo. Lole ikamakoka ngolo, alamu ikhale kumapeto kwa ngoloyo.

FUNSO: Lole yanga ili kale ndi kamera yoonetsa kumbuyo. Kodi alamu ikufunikanso? Ndine dalaivala.

YANKHO: Ikufunika, chifukwa kamera imathandiza inuyo kuona, pamene alamu imachenjeza munthu amene wakufulatirani. Komabe dziwani kuti munthu wosamva, kamwana kongoyamba kuyenda kapena woledzera sangachoke ngakhale alamu ilire motani, choncho pamalo opanikizika pakhale munthu wokutsogolerani ndi manja, ndipo mukangosiya kumuona pagalasi muime. M'mawa uliwonse musananyamuke, pondani buleki, ikani giya ya rivesi, ndipo mnzanu aime pambali chakumbuyo kuti akuuzeni ngati alamu ikulira bwino, chifukwa matope akauma pakamwa pake mawu ake amachepa kwambiri.