Nambala ikakula usaithawe, ifunse mafunso

Mtsikana wina wa Fomu 3 ku Salima walemba kuti aphunzitsi anawapatsa nambala 360,360 kuti aone ngati ndi ya prime, komanso apeze manambala a prime amene amaipanga. Akuti atangoiona anataya mtima, ndipo akufunsa ngati masamu otere ali ndi ntchito kunja kwa kalasi.

Mwanawe, yambira kumapeto kwa nambalayo. Ikuthera ndi 0, choncho 2 ndi 5 amalowamo popanda chotsala. Pomwepo wadziwa kale kuti si ya prime, pakuti ya prime imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi. Kenaka wonkhetsa madijiti ake: 3+6+0+3+6+0 zikupereka 18. Popeza 9 amalowa mu 18, amalowanso m'nambala yonseyo. Madijiti atatu omaliza, 360, amagawika ndi 8, ndiye 8 nayenso alimo.

Tsono 8×9×5 ndi 360. Ukagawa 360,360 ndi 360 upeza 1,001, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amaimira, poganiza kuti 1,001 ndi ya prime. Ayi ndithu, ndi 7×11×13. Ichi chisunge m'mutu, chifukwa nambala iliyonse ya madijiti atatu olembedwa kawiri, monga 248,248, imagawika ndi 7, 11 ndi 13.

Yankho lako ndi 2×2×2×3×3×5×7×11×13. Ine nambala iyi imandisangalatsa kwambiri, chifukwa ndi yaing'ono kuposa zonse zimene zimagawika ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 15. Asodzi a ku Senga Bay atagulitsa usipa wa K360,360 angagawane mofanana kaya alipo 7, 13 kapena 15, osatsala ngakhale kwacha imodzi.

Ntchito yake ilipo. Kuchulukitsa manambala awiri a prime akuluakulu n'kosavuta, koma kuwapeza kuchokera pa yankho lokha kumavuta ngakhale makompyuta. Njira ya RSA, imene akatswiri atatu, Rivest, Shamir ndi Adleman, anaitulutsa mu 1977, imadalira vuto limeneli poteteza mauthenga pa intaneti ndi m'mabanki.

Inu makolo, mwana wokonda zoterezi musamuletse kuti akutaya nthawi. Mulimbikitseni akhoze bwino masamu pa MSCE, pakuti maphunziro a masamu ndi makompyuta ku University of Malawi, MUBAS, MUST ndi Mzuzu University amafuna phunziro limeneli.