Musayambe ndi makompyuta, yambani ndi magetsi ndi mawaya

Achimwene, funso lanu ndaliona, loti akuikani mu komiti yokonza pulani ya ICT (za makompyuta ndi intaneti) pa kampasi yanu kuno ku Lilongwe ndiye anzanu akukakamira kuti ndalama zonse zipite kogula makompyuta atsopano a mu labu. Chonde musavomere msanga zimenezo.

Choyamba ndi magetsi basi. Tonse tikukumbukira 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka kamodzin'kamodzi ndipo tinakhala mumdima miyezi yambirimbiri. Seva, kompyuta yaikulu ija yosunga zinthu za sukulu yonse, siifuna zomangothimathima, ikazima mwadzidzidzi ma disiki amatha kufa, pomwe magiredi a ana ndi za fizi zonse zili momwemo. Ndiye chipinda cha maseva chikhale ndi UPS (chida chogwiriziza magetsi akazima mwadzidzidzi), mabatire ndi sola, jenereta izingothandizira poti dizilo nayenso amasowa, mizere ya pa filing'i siteshoni mukuidziwa. Koma apa ndi pamene ambiri amaphonya, amateteza seva yokha n'kuiwala ma switch (zida zolumikizira mawaya a netiweki) ndi tizida ta WiFi ta ku laibulale ndi kumahositelo, mapeto ake seva ikuyaka bwinobwino koma palibe amene akuifikira. Ganiziraninso mphenzi, dzinja la kuno silisewera. Pakati pa nyumba ina ndi ina kumbani muike fiber (waya wotumiza uthenga pogwiritsa ntchito kuwala), osati waya wa kopa, chifukwa fiber siidutsa magetsi, pomwe wa kopa mphenzi ikamenya pafupi imatha kuyenda momwemo n'kukaotcha zida mbali zonse ziwiri.

Za intaneti yeniyeniyo, musanathamangire kumakampani kambiranani kaye ndi a MAREN, ndi netiweki ya sukulu zaukachenjede ndi mabungwe a kafukufuku m'Malawi muno, ndipo imalumikizana ndi UbuntuNet Alliance, bungwe lolumikiza manetiweki otere a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, limene ofesi yake ili mu Lilongwe momwemuno. Kugula pamodzi ndi anzanu kumatsitsa mtengo. Afunseninso za eduroam, ija yoti mwana wa sukulu amalowa WiFi ndi dzina ndi pasiwedi yake yomweyo pa yunivesite iliyonse imene inalowa nawo, ngakhale kunja kwa dziko. Mukhalenso ndi laini yachiwiri, kaya ya TNM, Airtel kapena Starlink amene anayamba kuno mu 2023, bola isadutse ngalande imodzi ndi yoyambayo, chifukwa okonza msewu akadula waya zipita zonse.

Tsopano chimene chimandiwawa ine ndi ichi: WiFi yamphamvu imaikidwa kumaofesi a mabwana kumene ikamakwana 5 koloko anthu aweruka, pomwe ana amawerenga usiku kuhositelo, ambiri pa foni, ena atakhala pakhonde la laibulale udzudzu ukuwadya kuti angopeza netiweki yotsitsira manotsi. Yendani usiku mukaone nokha, muwafunse, makamaka amene amachita lendi kunja kwa kampasi. Nthawi ya Covid mu 2020 tinaona kuti vuto lalikulu la maphunziro a pa intaneti linali bandulo, mwana wochokera kumudzi amene akudalira loni sangamagule bandulo tsiku ndi tsiku. Moodle, pulogalamu yoikapo manotsi ndi maphunziro pa intaneti, ikakhala pa seva yanu yomweyo, aliyense amene ali pa WiFi ya sukulu amatsitsa zinthu osaononga kwacha iliyonse, ngakhale intaneti yakunja itaduka.

Pa ndalama samalani ndi ma layisensi olipira mu dola chaka ndi chaka. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anali ndi bilu ya dola anaona zakuda. Moodle ndi yaulere, Koha ya ku laibulale ndi yaulere, ndipo magazini a kafukufuku ambiri mungawapeze kudzera ku MALICO (mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi) komanso mapulogalamu a Research4Life, monga AGORA ya zaulimi ndi Hinari ya zaumoyo. Koma zaulerezo zimafuna munthu wodziwa kuzisamala, ndiye mu bajeti muikemo malipiro abwino a matekinishani, apo ayi mukangowaphunzitsa mabanki awatenga. Muikemonso ndalama zosinthira mabatire, amatha pakapita zaka zochepa, ndi zophunzitsira malekichala, chifukwa enatu mpaka lero amangotumiza manotsi pa WhatsApp.

Musaiwale kuti tili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024, mayina, manambala a ziphaso ndi magiredi a ana si zongosunga pa fulashi mu dirowa. Bakapu (kope lachiwiri la zonse zili pa seva) ikhale kunyumba ina, ndipo muziiyesa ngati ikutsegukadi.

Makompyuta a labu mugule ndithu, pali ana opanda laputopu ndipo mapulogalamu ngati a GIS (opangira mapu) pa foni sangatheke, koma ndi ndalama zimene zatsala. Potulutsa tenda mulembe momveka za waranti ndi ma sipeya, zogula za boma zimatenga nthawi ndiye yambani msanga. Ku msonkhano ukubwerawo pitani ndi mapu a kampasi osonyeza pamene netiweki ikufika ndi pamene siikufika, ndi mndandanda wa zida zimene muli nazo kale, zamoyo ndi zakufa zomwe.