Nyimbo yopita ku Eurovision amaisankha bwanji, nanga wa kuno angalowemo?

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: amene amasankha nyimbo yokaimira dziko ku Eurovision, mpikisano wa nyimbo wa mayiko a ku Ulaya, ndani, ndiponso ngati woimba wa kwathu amene akukhala kuno ku Johannesburg angapezeko mpata. Ndiyamba ndi loyambalo, poti yankho la lachiwiri lili mkati mwake.

Si boma limene limasankha. Mpikisanowu ndi wa European Broadcasting Union, mwachidule EBU, bungwe la nyumba zoulutsa mawu lomwe likulu lake lili ku Geneva, ndipo unayamba mu 1956 ku Lugano ndi mayiko 7 okha. Wolembetsa ndi nyumba ya kanema yomwe ndi membala: BBC ku Britain, SVT ku Sweden, RAI ku Italy, NRK ku Norway. Nyumbayo ndiyo imalipira ndalama zolowera, ndiyo imasaina mapepala, ndipo zikalakwika mlandu umagwera iyo. EBU siilamula kasankhidwe. Imangoika malamulo a nyimbo ndi tsiku lomaliza kupereka, lomwe limakhala m'kati mwa Marichi, mpikisano weniweni n'kuchitika mu Meyi.

Malamulowo ndiwo amagwetsa ambiri asanafike n'komwe pamaso pa majaji. Nyimbo isapitirire mphindi 3. Pasiteji pasakhale anthu oposa 6, kuwerengera ovina omwe, ndipo nyama yamoyo siloledwa. Woimba akhale atakwanitsa zaka 16. Mawu a woimba wamkulu amveke pompopompo, koma zida zimachokera pa nyimbo yojambuliratu, chifukwa gulu la zida loimba pamalopo linachotsedwa mu 1999, chaka chomwenso anamasula lamulo loti aliyense aziimba m'chinenero cha kwawo. Ndale, kutukwana ndi kutsatsa malonda n'zoletsedwa: Georgia inachoka mu 2009 itakana kusintha mawu a nyimbo yake, ndipo Belarus inachotsedwa mu 2021. Lomwe limapweteka kwambiri ndi ili: nyimbo isakhale itatulutsidwa pa 1 Sepitembala wa chaka chapitacho pasanafike.

Za mphindi 3 musazione mopepuka. Nyimbo zathu zambiri zimayamba ndi gitala kwa masekondi 30, kenako dzina la wojambula, kenako moni, kolasi n'kudzafika mphindi itadutsa kale. Kumeneko woonera amamva nyimbo yanu kamodzi, pakati pa zina zoposa 20, foni ili m'manja. Kolasi ikachedwa, voti yapita kwa wina. Podula amayamba ndi chiyambi, kenako theka la vesi yachiwiri, ndipo nyimbo yomwe inapekedwa ya mphindi 4 nthawi zambiri imamveka kuti yadulidwa mchira.

Njira zosankhira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya m'chipinda: kagulu ka akatswiri a nyumba ya kanema kamamvera nyimbo, kuitana oimba, kuwayesa pasiteji, kenako kungolengeza dzina. Ndi yotsika mtengo, ndipo oimba odziwika amaikonda chifukwa sachita manyazi ogonja pagulu kwawo. Imabala zipatso ndithu. Duncan Laurence wa Netherlands mu 2019, Nemo wa Switzerland mu 2024 ndi JJ wa Austria mu 2025 onse anasankhidwa motero ndipo anapambana. Vuto lake n'loti nyimboyo imafika ku mpikisano isanayesedwe pa anthu wamba, ndiye ikagwa, mkwiyo wonse umalunjika pa anthu ochepa amene anasankha.

Yachiwiri ndi mpikisano wapoyera wa pa kanema, ndipo amene anaukonza bwino kuposa onse ndi a Sweden. Wawo umatchedwa Melodifestivalen, unayamba mu 1959. Chaka ndi chaka SVT imalandira nyimbo zoposa 2,000. Pafupifupi theka la malo limapita kwa zosankhidwa pa mulu umenewu, theka linalo SVT imaitana yokha oimba ndi opeka amene ikuwafuna. Kuyambira mu 2024 nyimbo zimakhala 30, m'ndime 5 za nyimbo 6, Loweruka lililonse mumzinda wina, ndipo 12 ndizo zimafika m'ndime yomaliza mu Marichi. Usiku umenewo theka la mapointi limachokera kwa majaji a m'mayiko ena, theka kwa oonera. Majaji akunjawo si okongoletsera. Ku Eurovision dziko silidzivotera lokha, choncho n'kofunika kumva msanga ngati nyimboyo ikugwira mtima wa munthu amene sadziwa mbiri ya woimbayo. China chanzeru anachiyamba mu 2019: mavoti a pa apu amagawidwa m'magulu a zaka, gulu lililonse n'kupereka mapointi ake, kuti achinyamata odina foni mosalekeza asaphimbe mawu a agogo amene avota kamodzi. Woimba akamachoka kumeneko amakhala ataimba kale kangapo pamaso pa makamera, kayendedwe ndi magetsi zitakonzedwa. Sweden yapambana ka 7, kuyambira ABBA mu 1974 mpaka Loreen mu 2023, ndipo ine ndimati chinsinsi chagona pa kuyesedwa kumeneku.

Italy ili ndi yake. Chikondwerero cha Sanremo chinayamba mu 1951, Eurovision isanabadwe, ndipo wopambana amangopatsidwa mwayi woyamba wopita ku Eurovision, akhoza kukana. Olly anapambana koma anakana mu 2025, m'malo mwake munapita Lucio Corsi amene anali wachiwiri.

Zosokonekera m'mipikisano yapoyerayi zimabwera m'njira zodziwika. Nthawi zina majaji ndi anthu amasiyana maganizo. Ku Benidorm Fest ya Spain mu 2022 majaji anali ndi theka la mapointi. Anthu ovota pafoni anakonda gulu la Tanxugueiras koma anapambana Chanel, ndipo phokoso linali lalikulu, ngakhale pambuyo pake Chanel anakatenga malo achitatu pa Eurovision ku Turin. Nthawi zina makina amakana: ku Norway mu 2020 kuvota kwa pa intaneti kunagwa pulogalamu ili mkati, n'kudalira gulu la anthu 30 lomwe linaikidwa padera. Koma zowawa kwambiri ndi za mapepala. Ku Germany mu 2015 Andreas Kümmert anapambana mavoti, n'kukana ali pasiteji pomwepo. Ku Ukraine mu 2019 Maruv anapambana koma sanagwirizane ndi nyumba ya kanema pa mfundo za kontirakiti, otsatira ake nawonso anakana, dziko lonse n'kulephera kupita chaka chimenecho. Kontirakiti iyenera kusainidwa woimba asanakwere siteji ya ndime yoyamba, yolembamo za ufulu wa nyimbo, wolipira ulendo, masiku okonzekera, ndi amene adzalowe m'malo wopambana akachoka. Kukambirana zimenezi chikho chili kale m'manja n'kuchedwa.

Tsopano la kuno. Malawi ngati dziko singalowe, South Africa chimodzimodzi, chifukwa umembala wokwanira wa EBU ndi wa nyumba za m'chigawo cha Europe ndi mayiko ochizungulira. Mu Africa ndi Morocco yokha imene inaimbako, kamodzi, mu 1980. Australia imalowa kuyambira 2015 chifukwa choitanidwa. Koma munthu payekha khomo silinatsekedwe, poti EBU siikakamiza kuti woimba akhale nzika ya dziko limene akuimira. Céline Dion ndi wa ku Canada, koma anapambanira Switzerland mu 1988. Nyumba iliyonse imaika lamulo lake: zina zimafuna woimba wokhala m'dzikolo, zina zimangofuna kuti mmodzi mwa opeka akhale nzika, pomwe San Marino kuyambira 2022 yakhala ikutsegulira oimba a m'mayiko onse.

Kunena zoona, khomo losavutirapo ndi la wopeka, osati woimba. Mayitanidwe a nyimbo amatuluka pa masamba a nyumba za kanemazo makamaka pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, ndipo malamulo ake muwerenge nokha. Munthu wa pa WhatsApp wonena kuti mumupatse ndalama akulowetseni, musiyeni. Nyimbo imene mukufuna kutumiza muibise: osaika pa YouTube, osaika kachidutswa pa TikTok, osakaimba pa shoo ku Yeoville pomwe mafoni khumi akujambula. Ilembetseni ku SAMRO, bungwe la kuno loona za ufulu wa nyimbo, ku Braamfontein, kapena ku COSOMA ngati ndinu membala kwathu, ndipo tsiku lomwelo la ku situdiyo lembani papepala kuti wopeka nyimbo, wolemba mawu ndi wokonza zida aliyense ali ndi gawo lanji pa 100, onse asaine. Ngati mwatengako kachidutswa ka nyimbo ya wina, chotsani. Kwa wojambula musatengeko MP3 yokha ayi. Mutenge mafayilo a WAV, wina wokhala ndi mawu, wina wa zida zokha, komanso chida chilichonse pachokha, chifukwa akaikonda adzafuna kuisakaniza mwatsopano, ndipo wojambula akataya mafayilowo nyimbo imayambiranso pachiyambi.

Ngati mukufuna kukaimba nokha, werengerani tikiti, malo ogona ndi viza ya Schengen yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, ndipo popempha viza muli kuno amafuna kuona chilolezo chanu chokhalira mu South Africa chisanathe.

Musanatumize kalikonse, onerani ndime imodzi ya Melodifestivalen mu Febuluwale, wotchi ili pambali, muone sekondi imene kolasi ikulowera pa nyimbo iliyonse. Imayamba 9 koloko usiku nthawi ya kuno, ndipo ndime yomaliza ya Eurovision mu Meyi imayambanso 9 koloko yomweyo.