Ulendo wa RV mu Januwale: lunjikani ku Florida

Achimwene, mwafunsa ngati n'chanzeru kubwereka RV (galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira) mu Januwale n'kunyamuka ndi ana kuchokera ku Indiana, ku America. N'chanzeru ndithu, bola mulunjike kummwera, ku Florida. Musathire madzi m'thanki musanatuluke m'dera lozizira, chifukwa akaundana amaphulitsa mapaipi.

Ine mtima wanga uli ku Everglades, malo osungirako nyama zakutchire. Nyengo imeneyi mvula imakhala itadula, udzudzu utachepa, ndipo pa kanjira koyenda pansi kotchedwa Anhinga Trail ng'ona za kumeneko zimangoothera dzuwa m'mphepete mwa njira, kukamwa kuli yasa. Anawo muwagwire padzanja. Poimika galimoto pali miimba yokonda kujompha labala wa m'mawindo, choncho tengani lona yofunditsira.

Ku kasupe wa Blue Spring, nyama zam'madzi zotchedwa manatee zimathawirako kuzizira, poti madzi a kasupeyo sasuntha pa madigiri 22.

Kennedy Space Center, konyamukira zombo zam'mlengalenga, muipatse tsiku lathunthu. Chombo cha Atlantis, chimene chinauluka komaliza mu 2011, chili pomwepo, zipsera za moto zikuonekabe. Za Disney, gonani ku Fort Wilderness, malo awo ogona a ma RV, boti likakutulani ku paki yachisangalalo ya Magic Kingdom. Kungoti n'kodula ndipo malo sachedwa kutha, ndiye sungitsiranitu lero lomwe.