Catamaran kapena monohull: yankho kwa achimwene ofuna kusamukira m'boti

Achimwene, mwati inu ndi akazi anu mukufuna kugula boti la matanga la mamita 12, muzikhalamo chaka chonse ndi kuyenda m'nyanja zofunda, ndiye mukufunsa ngati mutenge catamaran, ya matupi awiri ija, kapena monohull ya thupi limodzi. Ine ndikuti catamaran, koma pokhapokha ngati mukagula mutsala ndi ndalama zoisamalira. Ngati thumba lonse lithera pogula, tengani monohull, mtima uli m'malo.

Anthu okhala m'boti masiku ambiri sakhala paulendo ayi, amakhala atamiza nangula penapake. Apa ndi pamene catamaran imapambana kwambiri. Mafunde akamabwera cham'mbali, monohull imapendekeka uku ndi uku usiku wonse, makapu akugundana m'kabati, munthu utadzitsamiritsa ndi mapilo kuti usagwe pabedi. Catamaran ya mamita 12 m'lifupi imayandikira mamita 7, pomwe monohull imangokwana 4, choncho catamaran imakhazikika. Khitchini ndi pabalaza zili pamwamba, mazenera mbali zonse, mphepo ikudutsa. Imalowanso m'madzi pang'ono, kupitirira mita imodzi chabe, pomwe keel ya monohull, chitsulo cholemera cha pansi pa boti, imafika pafupifupi mamita 2. Kumalo osaya ngati Bahamas, kusiyana kumeneku n'kumene kumakulowetsani pamalo abata.

Pa kayendedwe musanamizidwe kuti catamaran iliyonse ndi yaliwiro. Mphepo ikamachokera kumbuyo kapena m'mbali, monga pa ARC, ulendo wa maboti a matanga owoloka nyanja ya Atlantic pamodzi kuchoka ku Las Palmas, kuzilumba za Canary, kupita ku Saint Lucia ku Caribbean, mtunda wa mailosi apanyanja pafupifupi 2,700, imayenda bwino ndipo mphika sutsetsereka pambaula. Koma polimbana ndi mphepo yochokera kutsogolo, monohull ndiye mwini wake. Inde imapendekeka madigiri 15 mpaka 20, koma imalunjika ndithu, pamene ma catamaran ambiri okhalamo, monga a mtundu wa Lagoon, Leopard kapena Fountaine Pajot, amakankhidwira kumbali mpaka mwini wake kuyatsa injini. Komanso mafunde akamamenya pansi pa chipinda cholumikiza matupi awiriwo, phokoso lake limanjenjemeretsa boti lonse, tulo osabwera. Ndipo catamaran imadana ndi katundu. Malo ndi ambiri, ndiye anthu amadzaza mabatire, zida, mabuku, madzi, kenako n'kumadabwa kuti liwiro lapita kuti.

Chinthu chimodzi ndikufuna muchimvetse bwino, chifukwa chikukhudza moyo. Monohull mphepo ikakula imakuuzani yokha popendekeka, ndipo ikagwetsedwa ndi funde, kulemera kwa keel kumaidzutsa. Catamaran sikuchenjezani choncho. Muyenera kuyang'ana liwiro la mphepo pachipangizo n'kuchepetsa matanga msanga, mantha asanabwere, chifukwa ikagadabuka siidzukanso. Ubwino wake ndi wakuti ma catamaran ambiri samira msanga popeza alibe chitsulo cholemera pansi, koma palibe amene amafuna kudikira thandizo atakhala pamsana pa boti.

Tsono ndalama. Kupatula mtengo wogulira, womwe ndi wokwera kwambiri pa utali womwewo, madoko ambiri amalipiritsa catamaran mtengo umodzi ndi theka, ena kawiri. Injini ndi ziwiri, zokonza ndi ziwiri, penti wapansi wa matupi awiri, ndipo si malo onse ali ndi makina otha kutulutsa boti lotambalala chonchi m'madzi. Injini ziwirizo zimathandiza poimika boti pamalo opanikizika, komanso ina ikafa ina imakufikitsani.

Musanalipire chilichonse, bwerekani lililonse kwa sabata, akazi anu ali momwemo, chifukwa nawonso ndi nyumba yawo. Mugone panangula pamalo a mafunde, ndipo tsiku lina muyende dala molimbana ndi mphepo. Mukamakaona catamaran yogula, yezani mpata wapakati pa madzi ndi pansi pa chipinda chapakati chija, matanki ali odzaza. Ukakhala wochepa, isiyeni, mufune ina.