Mkodzo wochepa komanso wachikasu: madzi akupita kuti?

Achimwene, mwati chichokereni ku Ulongwe, m'boma la Angónia, kudzagwira ntchito ku Moatize, madzi mukumwa koma mukukodza pang'ono, mkodzo wakenso wachikasu kwambiri, ndiye mukuopa kuti impso zadwala. Mmene ndikuonera ine, impsozo zikugwira bwino ntchito yake, wakuberani madzi ndi dzuwa.

Madzi tikamwa sathamangira kuchikhodzodzo ayi. Amayamba alowa m'magazi kudzera m'matumbo, magaziwo n'kukadutsa mu impso ziwiri zomwe zili chakumsana, m'munsi mwa nthiti. Impso iliyonse ili ndi tizisefa pafupifupi 1 miliyoni. Patsiku impso ziwirizi zimasefa malita ngati 180, koma ochuluka zedi amabwezedwa m'magazi, n'kutsala lita imodzi ndi theka basi. Umenewo ndiye mkodzo.

Yankho lanu lili pobwezapo. Thupi likataya madzi ndi thukuta, ubongo umatumiza homoni yotchedwa ADH, yomwe ili ngati uthenga wopita ku impso kudzera m'magazi, ndipo impso zimabweza madzi ambiri kuposa masiku onse. Zoipa zoyenera kutuluka n'zomwe zija, koma madzi ozisungunula achepa, n'chifukwa chake chikasucho. Ku Angónia kozizira kuja thukuta linali la apo ndi apo. Kunoko mu Okutobala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40. Mukaweruka tayang'anani pamsana pa malaya anu, muona mizere yoyera ya mchere. Madzi anu akutulukira pamenepo.

Mkodzo ukachoka ku impso umatsika m'timapaipi tiwiri totalika masentimita 25 mpaka 30. Sumangoyenderera wokha, timapaipito timaufinya ngati mmene munthu amakamira ng'ombe, moti ngakhale mutagona chagada umafikabe. Chikhodzodzo chimasunga pafupifupi theka la lita, koma chimayamba kukukumbutsani chisanadzaze. Njira yotulukira kunja ndi ya masentimita ngati 20 kwa amuna, kwa amayi 4 okha, mpake matenda a chikhodzodzo amawapeza msanga amayi.

Ndiye muzimwa madzi mpaka mkodzo uziyera. Mowa musauwerengere, umatsekereza ADH ija, munthu n'kumakodza madzi amene thupi limawafuna.

Chokhacho, mukaona magazi, makamaka m'timadontho tomalizira, pomwe mumasamba mumtsinje wa Revúbuè kapena wa Zambezi, likhoza kukhala likodzo. Mazira a tinyongolotsi take amakanirira m'khoma la chikhodzodzo n'kulichititsa mabala, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Chimodzimodzi mukamatupa nkhope ndi mapazi, kumva kuwotcha pokodza, kapena kupweteka m'mbali mwa msana pamodzi ndi kutentha thupi, musadikire, pitani kuchipatala akayeze mkodzo.