Funsani Tikuyankheni: Mafilimu ojambulidwa kwathu amakathera kuti?

Mwezi uno makalata ambiri ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu akufunsa za mafilimu a zinthu zochitikadi, aja a documentary, komanso za zikondwerero zimene mafilimuwa amakaonetsedwako. Tasankhapo makalata anayi.

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kufupi ndi phiri la Mphunzi ku Dedza. Zaka zingapo zapitazo kunabwera alendo ndi makamera, anajambula zithunzi za m'mapanga ndi gule pabwalo, anachezanso nthawi yaitali ndi agogo athu, ndipo potsazika analonjeza kuti adzabwera kudzationetsa. Tsopano tikumva kuti filimuyo inaonetsedwa kunja, koma ife sitinaioneko, ndipo ena mwa agogo aja anatisiya kale. Kodi n'chifukwa chiyani eni nkhani timakhala omaliza kuona? (Mphunzitsi, Dedza)

YANKHO: Aphunzitsi, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo makamera sadzasiya kubwera kwanuko, chifukwa dera la Chongoni, lomwe lili ndi malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, pomwe gule wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe lomweli mu 2005. Tiyambe ndi kufotokoza njira imene filimu imayenda ikachoka m'mudzi.

Wojambula akamaliza kulumikiza filimu yake, ntchito imene nthawi zina imatenga zaka, amaifunira chikondwerero chachikulu choti ikayambire kuonetsedwa, chifukwa kumeneko ndi kumene kumasonkhana ogula, monga a nyumba za wailesi yakanema ndi makampani oonetsa mafilimu pa intaneti. Zikondwerero zotchuka monga IDFA, chimene chakhala chikuchitika ku Amsterdam kuyambira mu 1988, kapena Hot Docs cha ku Toronto, zimakonda kwambiri filimu imene sinaonetsedwepo kwina kulikonse, choncho mwini wake amayamba waitsekera mpaka tsiku loyambalo litadutsa. Ikatero imazungulira zikondwerero zina kwa chaka kapena kuposerapo, kenaka ufulu woionetsa umagulitsidwa dziko ndi dziko. Kuno kwathu nyumba zoonetsera kanema n'zowerengeka ndipo ogula mafilimu otere ndi osowa, motero ufulu woionetsa m'Malawi umangokhala osagwiritsidwa ntchito.

Mafilimu odziwika okhudza Malawi anadzera njira yomweyi. Buddha in Africa, yonena za ana amene akuleredwa pa malo a Abuda kufupi ndi Blantyre, inayambira ku Hot Docs mu 2019, kenaka inakapambana mphotho ku Durban. Lazarus, filimu yaifupi yonena za woimba wachialubino Lazarus Chigwandali, inaonetsedwa ku Tribeca mumzinda wa New York chaka chomwecho.

Zimenezi zikufotokoza kuchedwa, koma sizikulungamitsa kukhala chete. Filimu ikaonetsedwa kale kunjako, palibe chimene mwini wake amataya poionetsa m'kalasi ya sukulu yanu, ndipo wojambula amene anapeza ndalama zodzajambulira akanathanso kuika pa bajeti yake ulendo wobwezera. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo alendowo ayenera kukumbutsidwa. Alembereni kalata kudzera kwa a gulupu ndi a mfumu yaikulu ya dera lanu, ndipo ngati adiresi yawo mulibe, funsani ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, ya Museums and Monuments, imene imayang'anira malo a Chongoni. M'kalatamo pemphani zinthu ziwiri momveka bwino: filimuyo pa fulashi, ndi chilolezo cholembedwa choti muionetse m'midzi popanda kulipiritsa anthu pakhomo. Ojambula ambiri amavomera pempho lotere likawafika.

Chofunika kwambiri ndi cha mtsogolo. Nthawi yabwino yokambirana ndi pamene kamera isanatuluke m'chikwama, chifukwa ikangolowanso m'galimoto mphamvu zanu zatha. Mafumu auze alendo kuti pakhale pepala losainirana, lotchula mwezi umene filimu idzabwere, loti padzakhala mawu a Chichewa pamene pakulankhulidwa chilankhulo china, ndiponso loti akuluakulu adzaiona isanatuluke. Mfundo yomalizayi ndi yolemera pa nkhani ya gule, pakuti mlendo sadziwa malire a zapabwalo ndi zakudambwe, ndipo chithunzi chimodzi chojambulidwa pamalo osayenera chikafika pa intaneti sichibwezeka. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher Chisale anakhazikitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso otchedwa Kungoni mu 1976, kuli anthu amene akhala akusunga ndi kufotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao kwa zaka zambiri, ndipo mafumu a kwanuko angapindule pofunsirako nzeru.

FUNSO: Ndine mtsikana wa ku Lizulu, ndinamaliza Fomu 4. Ndili ndi foni yojambula bwino ndipo ndikufuna kupanga filimu yonena za amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi pamsika pathu, kuti ndidzaitumize ku chikondwerero. Kodi n'zotheka popanda kamera yodula? (Wowerenga, Lizulu, Ntcheu)

YANKHO: N'zotheka ndithu, achemwali, ndipo nkhani mwasankhayi ndi yabwino, chifukwa msika wa Lizulu uli pa msewu wa M1 pamene msewuwo ukuyenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo ambiri amene amaimitsa galimoto pamenepo sanamvepo za moyo wa amene amawagulitsa ndiwo. Vuto lalikulu limene mudzakumane nalo ndi mawu. Pa Lizulu mphepo imaomba, malole amadutsa motsatizana, ndipo oweruza mafilimu amapirira chithunzi chogwedera koma sapirira mawu osamveka. Gulani kamaikolofoni kakang'ono kokoloweka pa malaya, ndipo zokambirana zazitali mukajambulire kunyumba kapena kudimba m'mamawa.

Musayese kujambula msika wonse. Sankhani mayi mmodzi kapena awiri, muwatsatire kuyambira pokumba mbatatesi mpaka pamene akukangana mtengo ndi venda. Muonetse mmene amasanjira chidebe, zazikulu pamwamba mpaka kusongoka, mmene amathamangira minibasi isanaime bwinobwino, ndi mmene madzulo amamasulira mfundo ya pachitenje kuti awerenge zimene zatsala atachotsa za feteleza ndi za tikiti ya msika. Filimu ya The Ants and the Grasshopper, imene inatuluka mu 2021, inafika patali chifukwa inatsatira mlimi mmodzi, Anita Chitaya wa ku Bwabwa m'boma la Mzimba, kuchokera m'munda mwake mpaka ku America kumene anakalankhula ndi alimi anzake za kusintha kwa nyengo. Amayi anuwo muwafotokozere bwino kumene filimu idzaonetsedwe, ndipo asaine kapena avomere pa kamera.

Yambani ndi filimu yaifupi. Zikondwerero zambiri zimawerengera filimu yosapitirira mphindi 40 ngati yaifupi, koma ya mphindi 10 kapena 15 ndiyo imapeza malo mosavuta pa ndandanda. Anthu alankhule Chichewa chawo cha ku Ntcheu mmene amalankhulira masiku onse, inu mudzangoika mawu a Chingerezi m'munsi. Musaikemo nyimbo ya woimba wina popanda chilolezo chake, chifukwa pofunsira malo mudzasainira kuti zonse za m'filimumo muli nazo ufulu, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni nyimbo ndi zaluso zina, angakuthandizeni kupeza mwini nyimbo. Komanso, ngakhale mtima ukukanike bwanji, musaiponye pa YouTube kapena pa Facebook musanamve mayankho, pakuti zikondwerero zina sizilandira filimu imene ili kale poyera.

Potumiza, ambiri amadzera pa tsamba la FilmFreeway. Yang'anani kaye za mu Africa muno: Encounters cha ku Cape Town ndi Johannesburg, chimene chinayamba mu 1999 ndipo ndi cha mafilimu a zochitikadi okhaokha, cha ku Durban, chimene chinayamba mu 1979, cha ku Zanzibar, ndi FESPACO cha ku Ouagadougou m'dziko la Burkina Faso, chimene chinayamba mu 1969 ndipo chimachitika pakadutsa zaka ziwiri zilizonse. Zikondwerero zambiri zimalipiritsa m'madola, ndalama imene tonse tikudziwa mmene ikusowera, choncho musachite manyazi kulemba kalata yopempha kuti akuchotsereni malipirowo. Chenjerani ndi zikondwerero zimene zimagawa mphotho mwezi uliwonse koma sizitchula holo imene zimaonetsera, chifukwa zambiri mwa izo zimangodyera pa malipiro a otumiza. Filimu yoyambayi ikayenda bwino, idzakhala umboni wanu popempha thandizo ku thumba la IDFA Bertha Fund kapena ku Durban FilmMart, kumene opanga mafilimu amakumana ndi opereka ndalama. Lumikizananinso ndi bungwe la Film Association of Malawi kuti mudziwane ndi anzanu amene ali ndi kompyuta yolumikizira zithunzi.

FUNSO: Kunyumba tinatsutsana. Amuna anga akuti filimu ya William Kamkwamba imene tinaonera ndi ya zochitikadi, ine ndikuti ndi sewero. Akulondola ndani? (Mayi wa ku Nsipe, Ntcheu)

YANKHO: Mayi, zitengera imene munaonera, chifukwa mafilimuwa alipo awiri. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, imene anatsogolera Chiwetel Ejiofor, ndi sewero lochokera pa nkhani yoona, ndipo anthu amene mukuwaonamo ndi ochita zisudzo. William and the Windmill ya mu 2013 ndiyo ya zochitikadi, m'mene mukuoneka Kamkwamba mwini wake wa ku Wimbe, Kasungu, ndipo inapambana mphotho yaikulu pa chikondwerero cha South by Southwest ku America. Ngati munaonera yoyambayo, ija ya pa Netflix, bambo akunyumba avomereze kuti mwawapambana.

FUNSO: Ndili ndi vidiyo shoo pa Chimbiya. Anyamata amafuna mpira ndi mafilimu a nkhondo omasuliridwa m'Chichewa, koma ndikulakalaka tsiku limodzi pa sabata ndizionetsa mafilimu a zochitikadi a ku Malawi. Ndiyambire pati? (Wamalonda, Chimbiya, Dedza)

YANKHO: Bambo, ganizo lanu ndi limene likusoweka m'funso loyamba lija, chifukwa m'maboma ngati Dedza nyumba zenizeni zoonetsera kanema ndi zanuzo. Poti inu mumalipiritsa pakhomo, muyenera kupeza chilolezo kwa mwini filimu, ndipo kukopera kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni sikulowa m'malo mwa chilolezocho. Lamulo la 1968 loona za zisangalalo limafunanso kuti filimu yoonetsedwa pagulu ikhale itaunikidwa ndi a Censorship Board, amene amanena msinkhu wa oyenera kuionera. Ojambula a m'dziko muno ambiri akusowa koonetsera, choncho mukawalembera mudzapeza ena okonzeka kugawana nanu za pakhomo, mwinanso kubwera okha kudzayankha mafunso filimu ikatha.

Tikuchenjezeni pa za kumasulira. Ma DJ athu amakometsa mafilimu a nkhondo ndi nthabwala zawo, ndipo palibe amene amavulala nazo, koma m'filimu ya zochitikadi mumalankhula anthu enieni amene ali ndi abale ndi mayina. Womasulira anene zokhazo zimene munthuyo wanena, osaonjezera. Sankhani tsiku lopanda mpira waukulu, yambani ndi filimu yaifupi, ndipo aphunzitsi a sukulu zoyandikana nanu muwadziwitse sabata isanafike kuti auze ana a m'makalasi akuluakulu.